Mabenchi Opanda Ana ndi Bedi la Nankhoma

Abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a kuno ku Bulawayo ndi inu a kwathu ku Nyasalande amene mawuwa adzakupezani, ndikupatsani moni m'dzina la Mpulumutsi wathu. Ine ndine mphunzitsi, ndipo mukudziwa kuti mphunzitsi akatsegula pakamwa amaiwala kuti ena ali ndi ntchito, choncho ndikatalikitsa mundikhululukire. Ndikufuna kuchitira umboni za chaka chimene boma linanena kuti ndine wotsala pa sukulu yathu, mkazi wanga ali gone m'chipatala.

Zinali zaka zija ntchito zinatha m'tauni muno, nkhondo yachiwiri isanayambe. Ndinkaphunzitsa pa kasukulu ka mpingo wathu m'mphepete mwa lokeshoni ya Makokoba. Tinalipo aphunzitsi atatu, anzanga awiri Amandebele ndi ine. Ine anandipatsa ana aang'ono, ambiri mwa iwo a makolo ochokera kwathu, poti ndinkatha kuwakalipira m'chinenero chimene amamva. Koma azungu atayamba kuchotsa anthu ku njanji, m'mafakitale ndi m'makhitchini, oyamba kuchotsedwa tinali ife obwera. Ena anabwerera kumudzi, ena anakayesa mwayi ku migodi, ena anatsala okha nkutumiza akazi ndi ana kwawo. Lolemba lililonse ndinkapeza benchi lina lilibe mwini.

Kunyumba nakonso kunali zii. Mkazi wanga Nankhoma anali atagonekedwa ndi chifuwa chachikulu. Mulungu sanatipatse mwana, ndipo kuno tinalibe mbale womudikirira, ndiye mayi wake ndinali ine, mchemwali wake ndinali ine ndemwe. Tikaweruka masana ndinkaphika phala la mapira, kulithira m'kachitini, nkuyenda wapansi kukamumwetsa. Odwala chifuwa ankawagoneka pakhonde lalitali kuti azipuma mphepo yabwino. Pamenepo ndinkamupesa tsitsi, kumutembenuzira pilo, kenako nkumuimbira nyimbo ya kutchalitchi. Pa bedi loyandikana nalo panali mayi wina wachikulire, Myao, Msilamu, dzina lake Abiti Selemani, amene chifuwa chinamulanda mnofu wonse koma chinalephera kumulanda pakamwa. Ndikangoyamba kuimba ankafunda bulangete kumutu.

"Aphunzitsi, wodwalayu mwabwera kudzamuona kapena kudzamumaliza?"

Nankhoma ankaseka mpaka kutsamwa, ndipo ine ndinkaimbirabe dala mokweza, chifukwa kuseka kwake ndiko kunali malipiro anga a tsikulo.

Tsiku lina mfundisi, mzungu amene ankayang'anira masukulu a mpingo wathu, anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. Anali munthu wabwino, wosakonda kupweteka mnzake, ndiye nkhani yoipa ankaizungulira kaye. Potsiriza anaitula. Boma limavomereza mphunzitsi poona kuchuluka kwa ana. Ana amene anatitsalira anali okwanira aphunzitsi awiri, ndipo woyendera masukulu anakana kuvomereza wachitatu. Anzanga aja anali ndi masatifiketi a dziko lino, pamene yanga inali yakwathu, yongoivomereza chaka ndi chaka. Wotsala ndinali ine.

"Sitikukutayani, aPhiri," anatero. "Kumidzi kuli sukulu ina, kutali ndi njanji, ana ndi ambiri koma mphunzitsi alibe. Teremu ikubwerayi woyendera adzawerenganso ana. Akadzapeza monga lero, mudzapita kumeneko."

Ndinamufunsa kuti nanga mkazi wanga. Iye anangoyang'ana nsapato zake.

Mwina mukuti bwanji osangokana. Abale anga, kanyumba kamene ndinkakhala kanali ka mishoni, ndipo chitupa changa chokhalira m'tauni chinkadalira ntchito yomweyo. Masiku amenewo mlendo wopanda ntchito ankangomukweza sitima. Kumutenga Nankhoma sikukanatheka, chifukwa kumeneko kunalibe chipatala, ndipo ulendo wa pangolo ukanamuphera panjira. Kuvomera kunali kumusiya, kukana kunalinso kumusiya. Ndinakwiya kwambiri. Ndinkati anthu awa amawerenga ana ngati ng'ombe ku dipi, osafunsa nkomwe ngati woweta ali ndi wodwala. Komabe pansi pa mtima ndinkadziwa kuti ana a kumidziwo nawonso akusowadi mphunzitsi, ndipo kudziwa zimenezi kunkandiwawa koposa, chifukwa ndinalibe munthu weniweni woti ndimude.

Ndinayesa kumubisira mkazi wanga, koma munthu amene mwadya naye mbale imodzi zaka zambiri simungamubisire nkhope.

"Bambo, phalali lero mulibe mchere, ndipo nyimbo simunaimbe," anatero. "Nenani."

Ndinanena zonse. Iye anati, "Pitani. Ana akumenekonso ndi a Mulungu. Ine anamwino alipo." Atatero anatembenukira kumbali, ndipo ndinaona mapewa ake akugwedezeka pansi pa bulangete. Abiti Selemani anali atatseka maso ngati ali m'tulo.

Tchuthi chonse ndinayendayenda m'lokeshoni kufunafuna ana. M'zipinda zimene kale munkalira makanda ndinkapezamo amuna okhaokha, ataunjikana, akuphikira pa mbaula imodzi. Munthu wina wachifundo anandipangira nzeru yoti ndikabwereke ana ku sukulu ya mpingo wina, adzangokhala pa mabenchi tsiku lowerengalo nkubwerera, poti ena ankachita zomwezo. Sindinama, nzeruyo inandikomera. Nditamuuza Nankhoma anandiyang'ana ndi maso aja atalowa m'kati, nkuti, "Mukabwereka anawo mubwerekenso Mulungu wina wosaona." Nkhani inathera pomwepo.

Madzulo ena, tchuthi chili pafupi kutha, ndinalowa m'kalasi mwanga ndekha. Ndinagwada pakati pa mabenchi, koma pemphero lokongola la mphunzitsi silinabwere. Ndinangolira ngati mwana wamasiye. Ndinati, Ambuye, kunyumba simunandipatse ana ndipo sindinakuimbeni mlandu. Lero a kusukulu nawo mwatenga. Sindikupempha ulemu, sindikupempha kukwezedwa. Ndipatseni ana okwanira kuti ndikhale pafupi ndi mkazi wanga, basi. Nditadzuka mabenchi anali chimodzimodzi, ndipo ndinayamba kumanga mabuku anga m'bokosi.

Poyenda m'lokeshoni muja panali makomo ena amene sindinagogode, a abale athu Asilamu ochokera kwathu komweko. Iwo sankatumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti tiwabatiza, ndipo anali ndi mwalimu wawo wowaphunzitsa za chipembedzo chawo m'mamawa. Mmodzi wa akuluakulu awo anali Che Amidu, mwana wa Abiti Selemani uja, telala wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Ine ndi iyeyu tinkakangana za Mulungu nthawi iliyonse ndikapititsa buluku loti aike chigamba. Iye ankati wotayika ndine, ine ndinkati wotayika ndi iye, ndipo mpaka lero ndimati ndinkamupambana, ngakhale chigambacho ankachisoka bwino ndithu. Kwa munthu ameneyu sindikanapita kukapempha ana ngakhale m'maloto.

Tsiku lotsegulira sukulu, ndikusesa pakhomo la kalasi, ndinaona Che Amidu akubwera, tepi yoyezera ili m'khosi. Pambuyo pake panali mzere wa ana, anyamata atavala tizipewa toyera, atsikana atafunda mipango kumutu, ena akulira, ena akukokedwa ndi akulu awo. Tsache linandigwa m'manja.

"Achimwene, musatsegule pakamwa, ndiyambe ndine," anatero. "Sitinabwere kudzanamiza mzungu wowerenga uja. Ana awa akhala chaka chonse, aphunzire kulemba ndi masamu. Koma mitu yokha ndiyo yanu, mitima ndi yathu. Nthawi ya katekisimu azikhala panja. Lachisanu dzuwa likafika pamutu muziwamasula apite ku mzikiti. Ndipo madzi a ubatizo asawadonthere ngakhale pa chala."

Ndinamufunsa kuti zimenezi zachokera kuti.

"Kafunseni amayi. Anatiitanitsa kuchipatala ine ndi akuluakulu anzanga, nkutisambwadza pamaso pa anamwino. Akuti, mwamuna uja akachoka, mkazi uja safika mvula, pamene inu ana anu akungothamangitsa nkhuku m'lokeshoni, kapena mukuopa kuti chikhulupiriro chanu chingafufutike ngati choko? Akutinso tikapanda kubwera nawo tisakaonekerenso pa bedi lawo. Takangana tchuthi chonse. Ena akana, awa alola. Tsopano, muwalandira kapena ndibwerere nawo?"

Ine, munthu amene ndinkaopedwa ndi ana a lokeshoni yonse, ndinalira pamaso pa tiana tachilendo, mpaka kamtsikana kena kamene kankalira kanasiya nkuyamba kundidabwa. Anthu awa anali ndi mantha enieni, abale anga. Anabweretsa chinthu chimene ankachisamala koposa zonse, nkuchiika m'manja mwa munthu amene ankawatcha otayika, kuti mkazi wa munthuyo asafe yekha.

Koma walira mvula walira matope. Mfundisi atamva zofuna zawo anakanda mutu. Anati sukulu ya mishoni yokhala ndi ana osalowa katekisimu sanaionepo, ndipo akuluakulu ake akamva adzamufunsa. Apa mkwiyo wanga uja unabweranso. Ndinati, "Mfundisi, ine ndinapempha ana kwa Mulungu, sindinamuuze koti akawatenge. Ngati walakwitsa, kamuuzeni ndinu." Anaseka pang'ono nkuti yebo, ndiye kuti inde, anawo akhale.

Woyendera masukulu anabwera, anawerenga, ndipo ana anakwana aphunzitsi atatu. Koma ataona tizipewa tija anakayika, poti nkhani yobwereka ana ankaidziwa. Anachoka osavomereza malo anga. Masabata amenewo ndinkangokhalira kuyang'ana kumsewu. Tsiku lina anatulukira mosayembekezeka, nkuwapeza ana omwe aja pa mabenchi omwe aja, akulimbana ndi zilembo pa masileti, ena atayamba kale kulemba mayina awo. Anatenga sileti ya mnyamata mmodzi, anaiyang'ana, nkuibweza. Tsiku lomwelo anauza mfundisi kuti malo anga avomerezedwa. Ku sukulu ya kumidzi kuja kunapita mnyamata wina wongomaliza kumene maphunziro, wosakwatira, wa dera lomwelo, amene ndinamva kuti anapita akusangalala.

Lonjezo langa ndinalisunga, ngakhale lilime linkandiyabwa tsiku ndi tsiku ndikamaona anawo atakhala panja nthawi ya katekisimu. Sikuti zonse zinayenda myaa. Bambo wina anachotsa mwana wake atamumva akung'ung'udza nyimbo yathu potsuka mbale. Ndinapita kukapepesa, anandilandira bwino, anandipatsa tiyi, koma mwanayo sanabwerenso. Nditapita kukathokoza Abiti Selemani, anandidula pakamwa nkuti, "Musandithokoze, ingosiyani kuimba." Mayiwo anatsogola kumwalira nyengo yozizira itayamba, ndipo ndinaperekeza maliro awo nditaima kumbuyo, chipewa chili m'manja.

Tsopano ndinene chimene ena amachibisa pochitira umboni. Nankhoma sanachire. Anaiona mvula ija, anadyako chimanga chachiwisi chimene ndinamuwotchera, anaionanso mvula ina. Masana alionse a miyezi imeneyo ndinali pa bedi lake. Tsiku lomaliza ndinafika monga mwa masiku onse, fumbi la choko likadali m'zala. Anali atafooka kwambiri, maso osatsegula. Nditamugwira dzanja anafunsa motsitsa mawu kuti, "Mwabwera?" Ndinati ndabwera. Iye anati, "Ndimadziwa." Anapita dzuwa likadali m'mwamba, mutu wake uli pa mkono wanga. Manda ake anakumba Akhristu ndi Asilamu, akulandizana fosholo.

Ena adzati nanga chipulumutso chili pati ngati mkazi anamwalira. Inu a kwathu amene simunayendepo, funsani abale anu a kuno, amene anamva za imfa ya akazi awo mwezi utapita, kwa munthu wongotsika sitima, manda atamera kale udzu. Iwo akuuzani kukula kwa chimene ndinapatsidwa. Ndinapempha kukhalapo, ndipo ndinalipo.

Ndikuthokoza Mulungu wanga chifukwa cha chifundo chimenechi, ndipo ndikuthokoza makolo aja amene anagonjetsa mantha awo chifukwa cha mkazi amene sanali mbale wawo. Inu amene lero akuuzani kuti ndinu otsala, kuntchito kapena kwina kulikonse, musataye mtima ndipo musaleke kupemphera. Pirirani, osathamangira njira yachidule. Koma mukamapemphera musamusankhire Mulungu khomo lolowera, chifukwa Iye amadziwa ngakhale makomo amene inu munawalambalala. Ambuye akhale nanu, ndipo aliyense wa inu amulole kukhala pafupi ndi wake pa tsiku limene adzamufunse kuti, mwabwera?