Dzina Limene Achimwene Anagwetsa Okha

Malemu achimwene athu anabadwa pa 9 Malichi 1949, oyamba m'banja la ana asanu. Ine ndaimirira panone ndine wopondana nawo, ndipo abale andisankha kuwerenga mbiriyi chifukwa akuti ndilibe manyazi. Azibambo ndi azimayi, mundipirire, chifukwa m'mbiri muno muli kachilombo ndipo sindingakalumphe. Ambiri a inu munkawadziwa ndi dzina loti a Chiphaniphani. Dzinalo sanalikanepo tsiku n'limodzi lomwe.

Anayamba sukulu mu 1956 n'kumaliza sekondale mu 1968. Masamu sankagwirizana nawo, koma dzanja lojambula ndiye anali nalo. Bambo athu anali telala ndipo ankafuna kuti mwana woyamba akhale pamakina. Zinakanika. Mu Febuluwale 1970 analembedwa ntchito kunyumba yosungira zachilengedwe, m'chipinda cha tizilombo. Ntchito yawo inali kubaya tizilombo touma paphini, kulemba timapepala ta mayina ndi kuika mankhwala m'makabati kuti njenjete zisalowe. Jekete lawo linkanunkha mankhwala omwewo, moti unkadziwa kuti alowa usanacheuke.

Pa 17 Ogasiti 1974 anamanga banja ndi alamu angawa, amene panthawiyo ankaphunzitsa kupulayimale. Tinawachenjeza alamuwo kuti munthuyu adzadzaza nyumba ndi mabotolo. Iwo amvekere, "Wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima." Tinawasiya.

Mu Novembala 1981 anatumidwa pamodzi ndi akatswiri awiri kuchilumba china chotentha, cha mvula yambiri, ulendo wa masiku awiri pasitima yapamadzi. Iwo anapita ngati wojambula komanso wonyamula mabotolo. Pachilumbapo panali chiphaniphani chimene chinali ndi dzina kale kuyambira mu 1889. Ndikufotokozereni monga ankatifotokozera ife patebulo, kaya tikufuna kaya sitikufuna. Choyamba, ankati, chiphaniphani si mbale wa ntchentche, ndi chikumbu. Cha pachilumbacho kutalika kwake sikupitirira chikhadabo cha chala chaching'ono. Chili ndi kachishango kachikasu kophimba mutu, kokhala ndi dontho lakuda pakati. Mapiko ake akunja ndi olimba, ofiirira, a mzere wotuwa m'mbali. Maso ndi aakulu, otenga pafupifupi mutu wonse, ndipo nyali yake ili pa zigawo ziwiri kunsi kwa mimba.

Koma m'masamba owola pansi pa mitengo, achimwene anatola kanthu kena kowala. Kanalibe mapiko, kanali kotuwa, kotalikirapo kuposa kouluka kaja, maso ang'onoang'ono, nyali yake timadontho tiwiri chakumchira. Akatswiri aja anati ndi mphutsi chabe, katayeni. Iwo anakana. Atakaika pansi pa galasi lokulitsa zinthu, anawerenga zikhadabo ziwiri kuphazi lililonse, pamene mphutsi imakhala n'chimodzi. Kanali kachilombo kokhwima, kakakazi. Apa analondola, ndipo akatswiriwo anawavulira chipewa.

Mu 1983 kanalembedwa m'mabuku ngati mtundu watsopano, ndipo mwayi wokatcha dzina unagwera iwo. Mayina a tizilombo amakhala awiri, m'Chilatini: loyamba la fuko, lachiwiri la mtundu. Palachiwiripo anaika dzina la alamu. Pambuyo pake, mwa lamulo la ntchitoyo, pamalembedwa dzina la amene watcha ndi chaka. Munthu wopanda digiri, dzina lake ndi la mkazi wake zinakhala pamzere umodzi m'mabuku owerengedwa kumaiko akutali. Tsambalo analiika mufulemu pabalaza, pamwamba pa wailesi, ndipo mlendo sankapatsidwa madzi asanaliwerenge. Ine ndinkawaseka alamu kuti anzawo amagulidwa nsalu, iwo apatsidwa kachilombo kopanda ndi mapiko omwe. Ankandiyankha kuti nsalu imatha.

Chakumapeto kwa 1998 anabwerera kuchilumba kuja, n'kubwerako ndi mazira a kachilombo kawo. Anawasunga m'mabotolo a jamu m'kachipinda kosungira katundu kuseri kwa khitchini, n'kumadyetsa mphutsi zake tinkhono. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iwo anadekha miyezi khumi ndi umodzi. M'mawa wina mu Okutobala 1999 anatsegula botolo n'kupeza kuti mwa ana a kachilombo kopanda mapiko kaja, atatu atuluka ndi mapiko, kachishango kachikasu ndi dontho lakuda lija. Anali amuna a mtundu wa 1889 uja. Mtundu watsopano panalibe. Kunena mwatchutchutchu, achimwene anali atatola mkazi wa mwini n'kumupatsa dzina lina.

Lamulo la mayina a tizilombo silinyengerera munthu. Mtundu umodzi ukapezeka ndi mayina awiri, lakale ndi limene limakhala, latsopano limagwa. Kunena zoona kunatanthauza kugwetsa dzina la akazi awo, ndi lawo lomwe. Ndipo wodziwa anali iwo okha.

Pamaliro timakonda kunena zabwino zokhazokha, koma izi achimwene anandilamula okha kuti ndidzanene. Anakhala chete zaka zoposa makumi awiri. Amuna atatu aja anawaika musipiliti kuti asawole, botolo n'kulibisa m'bokosi la nsapato pamwamba pa wadiropu. Anapuma pantchito mu Disembala 2009, anthu n'kuwaombera m'manja chifukwa cha mtundu umene iwo ankadziwa kuti kulibe. Tsikulo anagwetsa misozi, ife n'kumati n'chimwemwe.

Mu 2016 anapezeka ndi matenda a shuga. Pofika 2021 maso anayamba kuchita khungu, kenako impso nazo zinayamba kuvuta. Mu Meyi 2023, atatuluka m'chipatala kachiwiri, anaitanira kuchipinda alamu, mwana wawo woyamba ndi ine. Anauza mwanayo kuti akwere pampando atsitse bokosi lija. Anafotokoza zonse. Akatswiri sankawaopa ayi. Ankaopa mayi akhala apawa.

Alamu anayang'ana botololo, kenako anafunsa ngati n'chifukwa chake munthu wamkulu ankaletsa anthu kupukuta fumbi pawadiropu. Ndisaname, anakwiya. Mankhwala ankapereka, madzi osamba ankatenthetsa, koma masiku awiri sanawalankhule. Chimene chinawapweteka si dzina, koma kugona chipinda chimodzi ndi chinsinsi zaka zonsezo, ngati kuti iwo ndi mwana wosatha kumva nkhani. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa achimwene anasiya ndi kudya komwe. Tsiku lachitatu alamu analowa ndi kope ndi cholembera, n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Amvekere, "Mkazi kutenga dzina la mwamuna wake mwayamba kuziona lero? Ine sindinatenge lanu? Nenani, ndilembe."

Analemba miyezi inayi, achimwene akunena, alamu akulemba, mwana akutaipa ndi kujambula zithunzi. Ankakangana pa chilichonse, makamaka pa chiganizo choyamba. Achimwene ankafuna chozungulira. Alamu anati munthu ukalakwa umayamba ndi mawu oti ndinalakwitsa, ndipo chinayamba choncho. Zolembazo zinatumizidwa mu Sepitembala 2023 pamodzi ndi botolo lija. Akatswiri anayeza n'kuvomereza, ndipo mu Juni chaka chino zinasindikizidwa.

Panatsala kusintha kapepala m'kabati ya kuntchito kwawo kwakale. Akuluakulu a kumeneko anawalemekeza kuti adzalembe okha, popeza timapepala tonse ta m'kabatimo n'ta dzanja lawo. Pa 3 Julayi tinawatengera kumeneko panjinga ya odwala. Cholembera chinawakana, pepala sankaliona. Alamu ndi amene anavala magalasi n'kuwerama. Pantchitoyo kapepala kakale sikatayidwa, kamangotsikira pansi. Analemba dzina la 1889 ndi zilembo zoongoka za mphunzitsi, n'kulibaya pamwamba pa dzina lawo lomwe. Kenako anasuntha kakakazi kaja n'kukaika pambali pa kamuna kake. Achimwene anafunsa ngati zakhala pamzere. Alamu anawagwira paphewa n'kuwauza kuti zakhala.

Anatisiya Lamlungu pa 21 Julayi 2024, masana, kunyumba kwawo, ali ndi zaka 75. Asiya akazi awo, amene akhala nawo m'banja zaka pafupifupi makumi asanu, ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi ife abale awo anayi.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira osatopa, ngakhale odwala ake ankawaphunzitsa za tizilombo ali padiripi. Ndikuthokoza aneba amene galimoto yawo inasanduka yathu, anzawo akuntchito amene abwera mwaunyinji, a mpingo, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe. Alamu, kwa inu mawu andichepera. Zikomo.

Zaka makumi anayi takhala tikunyadira kuti m'bale wathu anatcha dzina kachilombo. Lero ndikunena pamaso panu nonse, mosaopa, kuti ndikunyadira koposa kuti analigwetsa yekha, popanda womukakamiza. Achimwene, katundu wanu munatula muli moyo, ndipo mwanyamuka opepuka. Mzimu wanu uuse mumtendere.