Tsamba Lopepesa la Chipatala

Pa siteji ya basi, mayi wina anayang'ana bambo wina amene anafukata katoni ya katundu wa muofesi.

"Akuchotsani ntchito, bambo?"

"Eya, mayi. Ndimayang'anira webusaiti ya chipatala. Ponseponse polowera akuba ndinatseka, koma ndinaiwala tsamba lopepesa."

"Lopepesa liti?"

"Lija limati, 'Pepani, zimene mwalembazi sizikupezeka,' n'kubwereza mawu anuwo. Wakuba anabisa malamulo ake a kompyuta mu linki yopita patsambalo, tsambalo n'kuwabwereza osasefa. Odwala amene anadina linki yake, zinsinsi zawo zinapita."

"Ndiye zakonzeka?"

"Zakonzeka dzulo. Kukonzako kunali kulemba mizere iwiri yokha pakompyuta."

"Mizere iwiri!" anatero mayiyo. "Ine zotsatira za magazi anga apongozi anaziwerenga pafoni, amuna anga ndisanawauze n'komwe. Zimenezo mukonza ndi mizere ingati?"