Chipinda Chimene a Sichinafe Anabwereka kwa Mlungu Umodzi

Malemu achimwene anga, amene ambiri a inu mumawadziwa ndi dzina lakuti a Sichinafe, anabadwa pa 9 Malichi 1958. Anali achiwiri m'banja la ana asanu, ndipo ine amene ndaima pamaso panu ndine mzime. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Alamu anga, mayi a m'nyumba muno, andilangiza kuti ndisakometsere kalikonse, chifukwa malemu mukuwadziwa bwino ndipo mundigwira bodza.

Dzina limenelo analipeza akadali mwana. Bambo athu akataya tochi yakufa, wailesi yosalankhula kapena loko wopanda kiyi, achimwene ankakazitola kudzala, n'kuzitembenuza uku ndi uku, kenako n'kulengeza kuti chinthuchi sichinafe. Kunsi kwa bedi limene tinkagonapo awiri kunadzaza zinthu zosafa zoterozo, moti nsapato zanga zinkagona pakhonde.

Sukulu anayamba m'chaka cha 1965 ndipo anamaliza sekondale mu 1977. Masamu ankakhoza bwino ndipo sankajomba. Belu la sukulu yawo litang'aluka n'kutayidwa, linapezeka kwathu, ndipo linakhala nafe mpaka mayi athu atalankhula mawu amphamvu.

Mu 1979 analembedwa ntchito yoyang'anira nyumba yosungiramo katundu pa kampani ina yogulitsa zipangizo za m'maofesi. Anagwira pamenepo moyo wawo wonse wa ntchito, osasowetsa ngakhale pini. Anzawo a kuntchito amene ali panowa angachitire umboni kuti vuto linali limodzi lokha. Katundu wowonongeka sankatayidwa popanda chilolezo cha malemu, ndipo chilolezocho chinali chovuta kuchipeza kuposa tchuthi.

Pa 6 Ogasiti 1983 anamanga banja ndi mayi a m'nyumba muno, omwe ntchito yawo ndi ya utelala. Anadziwana chifukwa cha buluku limene malemu ankapita nalo kukaikitsa zigamba, mpaka mayi anawauza kuti palibenso nsalu yotsala yoti chigamba chigwirepo. Pa tsiku la ukwati, pamaso pa abale a mbali zonse, malemu analonjeza kuti akadzakhala ndi nyumba yawoyawo, chipinda chimodzi cha windo lalikulu chidzakhala cha mayi chosokeramo, chopanda wina wolowererapo. Ine ndinalipo ndipo ndinamva ndi makutu angawa. Mayi sanapemphe galimoto kapena zibangili, anapempha chipinda chowala basi.

Mu 1991 analowa m'nyumba ino, ndipo chipinda chija chinapezekadi, chakumapeto uko, choyang'ana kotulukira dzuwa. Koma Mulungu anali atawadalitsa kale ndi ana atatu, ndipo ana a abale nawo ankabwera kudzaphunzira, choncho chipindacho chinakhala chogona ana. Mayi anaika makina awo osokera pa tebulo lodyera. Nthawi ya chakudya ikakwana ankachotsa nsalu, chakudya chikatha n'kuzibwezeretsa. Makasitomala ankayezedwera kukhitchini, pakati pa mapoto. Ana a m'nyumba muno mpaka lero sakhala pampando asanaupapase, chifukwa anakula akulasidwa ndi mapini. Mayi sankadandaula, ankangoti chipinda chawo chikubwera.

Mu Meyi 2016 mwana wotsiriza anasamuka kukayamba moyo wake. Mayi anakolopa chipinda chija, anachipaka penti, n'kusoka makatani a maluwa achikasu. Anakonza zolowetsa makina awo Lolemba. Tsoka ilo, Loweruka, kutangotsala masiku awiri, kampani ya malemu inkagulitsa kwa antchito ake makompyuta ake akale, aja akuluakulu osungira ntchito za kampani yonse, amene amawatchula kuti maseva. Malemu anabwera ndi imodzi, nkhope ili ngwee. Anati yatsopano imagulidwa pamtengo wa galimoto, koma iwo aipeza pamtengo wa njinga yakutha. Chinali chichitsulo chachitali, chaphanthiphanthi, chopanda galasi loonerapo kanthu, ndipo tinachinyamula anthu atatu, ine, malemu ndi aneba a kuseriku, tikupumira m'njira. Malemu anapempha mayi mwaulemu wonse kuti awabwereke chipindacho kwa mlungu umodzi wokha, angoiyesa ngati ikuyaka.

Inayaka. Mafani onse a m'kati mwake anakuwa nthawi imodzi, galu wa aneba anathawa osatembenuka, ndipo anebawo anabwera kudzafunsa ngati tatsegula malo ochekera matabwa. Malemu anatitsimikizira kuti phokosolo ndi la poyamba pokha. Linatsikadi pang'ono, n'kukhazikika pamenepo kwa zaka zisanu ndi zitatu. Anafotokoza kuti makina otere sazimitsidwa, anawapanga kuti aziyaka usana ndi usiku, ndipo kuwazimitsa ndiko kuwapha. Choncho mukamamva ana ndi zidzukulu za m'nyumba muno zikulankhula mokuwa ngakhale pamaliro, musaziweruze.

Mlungu uja usanathe, kachipangizo kena m'kati mwa seva kanafa. Malemu atafufuza anapeza kuti kugula kachipangizo kokhako n'kodula kuposa kugula seva ina yathunthu yakale, yoti azichotsamo zipangizo. Yachiwiriyo itafika anaiyesa, n'kupeza kuti nayo ikuyaka, ndipo mtima sunawalole kuiphwasula. Anagula yachitatu kuti ikhale ya zipangizo, ndipo nayonso inawakhumudwitsa poyaka bwinobwino. Mayi atafunsa za mlungu uja, anayankhidwa kuti ntchito ili kumapeto.

Mu 2018 malemu anapuma pantchito. Ife tinkaganiza kuti njira yopezera maseva yatsekeka, osadziwa kuti anali atadziwana kale ndi anthu a pa intaneti ogulitsa makina otayidwa ndi makampani akuluakulu. Chaka chotsatira anagula chikabati chachitsulo choikamo maseva, chachitali kuposa iwo eni. Chinakana kulowa pakhomo, ndiye tinachotsa chitseko. Chinakanabe, tinagumula ndi felemu lomwe. Makatani achikasu aja anatsitsidwa chifukwa ankatchinga mpweya, ndipo chikabaticho chinaima patsogolo pa windo penipeni.

Ambiri mwakhala mukufunsa kuti makina onsewa ankagwira ntchito yanji. Ankasunga zithunzi za banja. Mwana wawo wamkulu anawaonetsa kuti zithunzi zonsezo zikhoza kukwana mufoni yake, malo n'kutsala. Malemu anamuseka, amvekere foni imagwera m'madzi, pamene iwo chithunzi chilichonse anachisunga malo atatu osiyana. Malo atatuwo anali m'chipinda chimodzi chomwecho. Palibe wa m'banja amene anathapo kuona chithunzi popanda kuwaitana, ndipo ukawaitana ankabwera ndi chimwemwe chachikulu, masana onse n'kuthera pomwepo.

Magetsi nawo anali ndi nkhani yawo. Simbi ya mayi ndi maseva sizinkayaka nthawi imodzi. Mayi akangolumikiza simbi, nyumba yonse inkazima, ndipo malemu ankatuluka m'chipinda muja manja ali kumutu. Anagula mabatire akuluakulu, akalenso, amene ankalira tswii tswii magetsi akangophethira. Mapeto ake mayi, telala wa zaka zambiri, anabwerera ku simbi yamakala. A kampani ya magetsi anabwera kawiri kudzaona ngati m'nyumba muno mukuwotcheredwa zitsulo mobisa. Ubwino umodzi unalipo, ndipo ndiunene poyera: nyengo ya mvula zovala zinkauma msanga kuseri kwa chikabati chija.

Mu 2021 mayi anakweza makina awo pagalimoto n'kupita kwa mwana wawo wachiwiri. Anatiuza kuti banja sanalithawe, koma makinawo akukacheza ndipo iwo akungowaperekeza. Akuluakulu a banja tinasonkhana kuti tiwadzudzule malemu. Anatilandira bwino, anatilowetsa m'chipinda chija, n'kuyamba kutionetsa timagetsi tobiriwira tikuphethira mizeremizere. Malume athu, amene tinawadalira kuti alankhula mwaukali, anatuluka akufunsa ngati pangapezeke imodzi yaing'ono ya kwawo. Mayi anabwerera patapita mwezi, atamva kuti amuna awo akudya buledi ndi tiyi basi, ndiponso akuyenda mumsewu ndi buluku lomangidwa ndi waya wa kompyuta.

Anthu olira anzanga, ife tinkaseka nkhani zimenezi, koma mayi zinkawapweteka. Maso awo anali atayamba kufooka, ndipo pa tebulo lodyera paja ndi pamdima. Kulowetsa ulusi pa singano kunasanduka ntchito yoitanira munthu. Madiresi a ukwati, amene ankawakonda koposa, anayamba kuwakana poopa kuwononga nsalu za eni. Malemu ankawakonda akazi awo, zimenezo palibe angatsutse. Kungoti ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mlungu wamawa ntchito itha.

Kumayambiriro kwa 2024 malemu anayamba kutopa msanga ndi kutupa miyendo. Mu Juni madokotala anapeza kuti mtima wawo wafooka kwambiri. Ankamva kuzizira nthawi zonse, ndipo malo ofunda m'nyumba yonse anali chipinda cha maseva, choncho tinawasamutsira bedi kumeneko. Mayi ankakhala pambali pawo tsiku lonse akupinda nsalu pamanja, awiriwo akucheza mokuwa monga mwa chizolowezi.

Mmawa wina batani la malaya a malemu linathothoka. Mayi anayesa kulowetsa ulusi ali pampando, zinakanika. Anadzuka, anadzipanikiza pakati pa khoma ndi chikabati chachitsulo, kufunafuna kuwala kochepa kumene kunkalowera m'mphepete mwa windo, ndipo anaima pamenepo nthawi yaitali singano ili m'mwamba. Malemu anaona zonsezo ali gone. Tsiku limenelo chakudya anangochilawa.

Kutacha anaitanitsa ine ndi mwana wawo wamwamuna. Anatiuza kuti makinawo sanafe, tisayerekeze kunena kuti afa, koma atuluke. Zithunzi zija zinasamutsidwira mufoni ya mwana wawo wamkulu, iwo atayang'ana kukhoma. Kenako anapempha kuti tiwakhazike pampando, ndipo anazimitsa maseva okha, imodzi imodzi, ndi chala chawo. Yomaliza itasiya kulira, tonse tinamva wotchi ya pabalaza ikugunda. Mdzukulu wina anafunsa kuti wotchiyo yagulidwa liti, chonsecho yakhala pakhomapo chibadwire iye.

Chikabati anakana kuti chituluke, poti anati n'chachitsulo chabwino. Anatilamula kuchikankhira pakona, kutali ndi windo, ndipo anayang'anira kalipentala akuikamo matabwa kuti chikhale choikamo nsalu. Felemu linamangidwanso, chitseko chinabwerera, ndipo makatani achikasu tinawapeza atakutira seva ina ya zipangizo. Malemu anabwerera kuchipinda chawo chogona n'kumafunda mabulangete atatu. Pa 21 Sepitembala tinalowetsa makina osokera n'kuwaika pansi pa windo, ndipo malemu anapepesa kwa mayi pamaso pa ana kuti mlungu uja unatalikirapo.

Koma mayi sanakhalepo pa makinawo. Matenda anali atakula, ndipo iwo sankachoka pambali pa bedi. Malemu ankawakakamiza kuti apite akasoke, akufuna amve makinawo akulira m'chipinda chija. Mayi ankayankha kuti nsalu sizithawa, ndipo munthu amene wadikira zaka makumi anayi sangalephere kudikira pang'ono. Pa 8 Okutobala tinawatengera kuchipatala, ndipo pa 14 Okutobala 2024 anatisiya mwakachetechete, mayi atawagwira dzanja. Anali ndi zaka 66.

Malemu asiya mayi, ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mlongo wawo mmodzi ndi ine mng'ono wawo. Asiyanso maseva asanu ndi anayi, amene ali pansi pa lona kuseri kwa nyumba. Banja lagwirizana kuti aliyense amene wabwera ndi galimoto yonyamula katundu asabwerere chimanjamanja. Ndi aulere, onse akuyaka, koma amene ali pabanja ayambe wafunsa kunyumba.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, atsogoleri a mpingo, anzawo a kuntchito, ndi amayi amene akhala akuphika kuyambira tsiku la zovutali. Tikuthokoza mwapadera aneba athu chifukwa cha kupirira kwawo kwa zaka zonsezi, komanso chifukwa cha misana yawo. Nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe, Mulungu akudalitseni.

Potsiriza tikuthokoza mayi. Malemu atamwalira, ana anakonza zokagula malaya atsopano oti abambo awo avale, koma mayi anawaletsa. Kutacha analowa m'chipinda chija okha, anatsegula makatani, anatseka chitseko, ndipo tonse amene tinali pabalaza tinamva makina akulira. Ulusi analowetsa okha, osaitana munthu. Amene mwaona nkhope mwaonanso malaya oyera amene malemu avala. Chimenecho ndicho chovala choyamba kusokedwa m'chipinda cha mayi.

Achimwene, lonjezo lanu munalikwaniritsa. Pitani bwino, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.