Amati Ndi Tsempho: Mbiri ya Mayi Maness

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1984 kuno ku Nathenje. Sukulu analekezera sitandade 7, kundiposa ine mlongo wawo ndi makalasi awiri, ndipo sankalola kuti ndiiwale.

Mu 2004 anakwatiwa ndi a Efulemu a ku Mitundu, amene anabwera chikamwini. Malemu ankagulitsa tomato pamsewu. Minibasi isanaime, iwo amakhala atafika kale pawindo.

Mu 2012, pobadwa Tikondane, anataya magazi ambiri. Anapulumuka, koma amene anabwera kuchokera kuchipatala sanali Maness wathu uja. Mkaka sunatuluke. Nkhope inatupa, mawu ankamveka ngati akuchokera m'chitsime. Mu Okutobala, ife tikusaka mthunzi, iwo ankaothera dzuwa atafunda bulangete.

Mudzi uno uli ndi madokotala ambiri opanda satifiketi. Anagamula kuti ndi tsempho, kuti a Efulemu anayenda kunja mwana ali wakhanda. Bambowa anakana mpaka anatopa. Paukwati ndi pamaliro ankadya okha.

Mu 2016 chipatala china chinayeza magazi n'kunena kuti chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, chili bwino. Miseche inanenepa. Chaka chatha dokotala wina mu Lilongwe anayeza mahomoni awiri, osati imodzi. Anati pansi pa ubongo pali kachiwalo kolamula chithokomiro, ngati kapitawo pa esiteti, ndipo kanafooka tsiku limene magazi anatayika. Oyamba aja anangoyeza mawu a kapitawo, n'kumva kuti akumvekabe. Ntchito yeniyeniyo sanaiyeze. Homoni ya chithokomiro inali itatsala pang'ono kutheratu.

Atayamba mankhwala, Maness wathu uja anabwerera kwa miyezi yochepa, mpaka anandiseka dazi. Ndi pamene anatiuza kuti zaka zonsezo ankamva chilichonse chonenedwa pakhonde, koma mphamvu yoyankhira inalibe kochokera. Mtima unali utatopa kale. Anatisiya Lachiwiri.

Asiya amuna awo ndi ana awiri, Chipulumutso ndi Tikondane. Ndamva kuti ena akudikira tisudzule kuti a Efulemu amange katundu. Monga mwini mbumba ndikuti bambowa sapita kulikonse, alerera ana awo pompano.

Tikuthokoza mafumu, ampingo ndi adzukulu. Tikuthokozanso inu alamu a Efulemu, amene munkawasambitsa anthu akukulozani chala.

Mzimu wa malemu uuse mumtendere. Otsalafe, tikaone ngati tulo tibwere.