Pulogalamu Yamasiye ya Aphunzitsi Enoch

Loweruka lina m'chaka cha 1999, a Philemon Sakala, kalaliki wa sukulu ya mishoni cha ku Madzimoyo, munthu woti akanena kuti mwala uwu ndi mbatata amautafuna ndithu kuopa kugonja, anatsekula ofesi m'mamawa n'kukhala pa kompyuta. Abusa anali atawabwereka chimbale cha sidi cha kwaya ya mpingo, chimodzi chokhacho chimene chinalipo, ndipo madzulo omwewo ankasamuka nacho kupita ku Katete. A Philemon ankafuna kukopera nyimbo zake pa kaseti ya ukwati wa mwana wawo Tamiwe, makamaka nyimbo yachisanu ndi chiwiri, imene iwo anaimbamo besi.

Dzuwa litakwera, akazi awo a Dainess analowa ndi fulasiki ya tiyi.

"Yayamba?"

"Ikuganiza," anatero a Philemon osatembenuka.

"Chiyambire m'mawa? Ikuganiza chiyani poti ilibe ana?"

"Amake Tamiwe, khalani pansi ndikuphunzitseni. Pulogalamu yokopera nyimbo iyi anailemba aphunzitsi Enoch, a masamu aja. Anaiikira lamulo loti chaka chikatha izikana ntchito, kuti tizikatenga yatsopano kwa iwo. Koma iwo anasiya uphunzitsi, ali ku Kasenengwa akulima thonje."

"Ndiye yakana."

"Ikane ine ndilipo? Ndabweza kalendala yake. Ndaiuza kuti tikadali mu 1997."

A Dainess anaika fulasiki pansi pang'onopang'ono.

"Mwainamiza."

"Ndaithandiza."

"Chaka chino ndi chanji?"

"1999."

"Inu mwaiuza chanji?"

"1997."

"Mkulu wa mpingo," anatero a Dainess, akuyang'ana kudenga.

"Aa, ndi makina awa. Alibe mzimu."

"Si inu mwati ikuganiza?"

A Philemon anamwa tiyi wotentha kuti apeze nthawi yoyankha, ndipo tiyiyo anawawotcha lilime.

"Tsono ndamvetsa," anapitiriza a Dainess. "N'chifukwa chake makalata oitanira anthu ku ukwati anatuluka ndi 1997 pamwamba. Alamu anu a ku Nabvutika anabwera dzana, nkhope ili gwa. Ati tinawabisiranji ukwati zaka ziwiri, ndipo mdzukulu wayamba kuyenda kapena ayi."

"Ndinakonza ndi bolopeni."

"Ena."

"Inu simukuona kukula kwa ntchito. Pulogalamu iyi ndi mwana wamasiye, ndipo amene akuilera ndine. Ndinaikopera pa madisiki atatu. Ina ili m'chitini cha mabisiketi, ina m'Baibulo lalikulu, ina kwa apongozi. Ahedi atabwera ndi zatsopano za ku Lusaka kuti aike m'kompyutamu, ndinabisa makiyi a ofesi sabata yathunthu, chifukwa zatsopanozo sizigwirizana nayo. Ndani wina angachite zimenezo?"

"Palibe," anavomera a Dainess. "Koma a Enoch amwalira liti? Sitinamve uthenga wa maliro."

"Ali moyo."

"Ndiye si wamasiye. Mwana wa munthu wamoyo amabwezedwa kwa atate ake."

"Ndawalembera makalata asanu ndi limodzi."

"Anayankha?"

A Philemon anatsekula dirowa n'kutulutsa kapepala kong'ambidwa m'kope la masamu. Anakawerenga ndi mawu a munthu wolakwiridwa: "Bambo Sakala, za makompyuta ndinaleka. Thonje silindilembera makalata. Moni kwa amayi."

"Anthu aulemu," anatero a Dainess.

"Aulemu? Munthu kusiya ntchito ili ndi chilema? Mu 1997 muja, chimbalechi chitangofika, ndinakopera kaseti. Nyimbo zonse zinalowa, koma yachisanu ndi chiwiri inadumphidwa. Ndinayesanso, inadumphidwanso. Nkhani ya m'makalata onse aja ndi imeneyo."

"Ndiye lero ilowa bwanji?"

"Lero ndakonzeka. Chimbale ndachipukuta ndi mankhwala otsukira mano. Ndaphimba kompyuta ndi chitenje kuopa fumbi. Ndazimitsa ndi wailesi yomwe kuti magetsi onse abwere kuno."

"Chitenjecho ndi changa cha Chigwirizano cha amayi."

"Chikugwira ntchito ya mpingo."

Pamenepo kompyuta inalira ngati njinga yopanda girisi, ndipo pa galasi panayamba kutuluka manambala. A Philemon anawongola tayi, poti ngakhale Loweruka ku ofesi sankapita opanda tayi.

"Onani. Yoyamba yalowa. Yachiwiri. Bodza lija likuyenda bwanji, amake Tamiwe?"

"Bodza limayenda bwino poyamba."

Anadikira. Yachitatu inalowa, yachinayi, yachisanu. Itafika yachisanu ndi chimodzi a Philemon anaimirira, dzanja lili pachifuwa, atayamba kale kung'ung'udza besi yawo kukhosi. Nambala ya pagalasi inaphethira kamodzi n'kulumphira pa yachisanu ndi chitatu.

Anakhala pansi. Kunena zoona zinawapweteka kwambiri. Zaka makumi awiri anakhala akutaipa mayina a ana a eni ake, ndipo chinthu chokha chimene ankafuna n'choti mwana wawo alowe m'holo ya ukwati mawu a atate ake akumveka pa sipika.

"Enoch," anatero, ulemu utawathera. "Mwana wa masamu iwe, unaphonya pati?"

"Sanaphonye," anatero a Dainess, akutsanulira tiyi wina.

"Mwati?"

"Mwafunsa kuti anaphonya pati. Ndati sanaphonye. Anaiuza pulogalamuyo kuti ikangoona chimbale cha kwaya yathu, izidumpha nyimbo imeneyo. Anati inali ntchito yovuta, inawatengera masiku awiri."

"Mwadziwa bwanji zimenezo?"

"Ndinawapempha ndine."

A Philemon anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso. Akazi awo anali omwewo.

"Inu?"

"Kwaya inandituma. Tinapereka nkhuku."

"Kwaya yonse?"

"Kupatula a Alfonsi. Iwo samva bwino, anati nyimboyo ilibe vuto."

"Nyimbo ija ili ndi vuto lanji?"

"Munalowa anzanu asanapume. Vesi lachiwiri munaimba lachinayi. Pomaliza munagwira mawu mpaka a soprano atakhala pansi."

"Wojambula wa ku Lusaka uja anati zikhale choncho."

"Anati, 'Ndatopa, zikhale choncho.' Ndinalipo."

"Zaka ziwiri, amake Tamiwe. Ndakhala ndikunyambita masitampa, ndikubisira ahedi makiyi, ndikukweza ndi kutsitsa zaka ngati mbendera. Inu muli phee. Osandiuza bwanji?"

"Simunandifunse. Munkafunsa a Enoch."

"Ndiye kukhala phee kumeneko si kunama?"

"Ine sindinauzepo munthu kapena makina chaka cholakwika."

A Philemon anayang'ana kapepala ka Enoch kaja, ndipo kwa nthawi yoyamba anamvetsa chimene chinathamangitsira mnyamata wa nzeru zake ku munda wa thonje. Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wapeza kuti mbala imene wakhala akuilondera imadya naye mbale imodzi. Kenako liuma lawo lija linabwerera monga mwa masiku onse.

Anadina mabatani. Chimbale chinatuluka, anachiika m'chikuto chake mwaulemu.

"Mukutani?" anafunsa a Dainess.

"Ndikulapa. Onani, ndabwezera 1999. Pulogalamu ipume, yagwira ntchito yake. Chimbale mukapereke kwa abusa chipite ku Katete."

"Mwachita bwino, atate ake Tamiwe. Choonadi chimamasula."

"Chandimasuladi. Ndinali kapolo wa makina. Kodi mawu ali m'chimbale kapena ali pakhosi panga? Tsiku la ukwati ndidzaimba ndekha. Pakamwa. Pa maikolofoni ya m'holo, Tamiwe akulowa."

A Dainess anasiya kapu m'malere.

"Vesi limodzi?"

"Onse asanu ndi limodzi. Ndi lina limene ndapeka la dzina la mkamwini."

"Pamaso pa akuchimuna?"

"Akhale kutsogolo kuti amve bwino."

A Dainess anaimirira. Anachotsa chitenje chawo pa kompyuta, anachikutumula, anachimanga m'chiuno molimba ngati munthu wa ulendo. Anatenga chimbale chija m'manja mwa amuna awo n'kuchibwezera m'kompyuta okha, ngakhale anachiika chozondoka.

"Bwezani chaka chija."

"Chiti?"

"1997. Abusa ndikawapempha agone, Katete sathawa. Ine ndikukagwira nkhuku ziwiri, ndikwere basi ya ku Kasenengwa. A Enoch abwera kudzachotsa chimene anaikamo, ngakhale ndiwazule m'munda ndi thonje lawo lomwe."

"Koma amake Tamiwe," anatero a Philemon, akudziyesa odabwa, "si bodza limenelo?"

"Ndi bodza, ndidzalapa ukwati ukatha," anatero a Dainess ali pakhomo. "Kaseti ili ndi potsitsira mawu. Inu mulibe."