Usipa wa Munthu Wosakoka Bwato

Salaam aleikum abale nonse amene mumanditsatira pano. Ndine Yusufu wa ku Lungwena, ndipo ndineneretu kuti "pepani" musandilembere, ndinatopa naye. Ndili ndi matenda ofooketsa minofu, aja amayamba ndi kugwaigwa mpaka miyendo kukaniratu. Ndi amene anandichotsa pasukulu ndili Fomu 2, anzanga akundiseka kuti ndikuyenda ngati woledzera. Amalume anga anapita nawo omwewa. Zithumwa ndinavala, mphini ndinatemedwa, palibe chinasintha.

Tsiku limene ndinaona Hamisi, mwana wa achemwali anga, akudzuka pansi modzikankha ndi manja m'mawondo ngati mmene ndinayambira ine, ndinasiya kuswali. Ndinkafunsa Allah kuti kodi ine ndekha sindinakwane?

Kenako kunabwera dokotala wina wachitsikana, a Tamanda, amene ankafuna kuyamba kafukufuku wa matendawa. Sanandinamize. Anati mankhwala ochiziratu palibe, koma akufuna kuyesa ngati mafizo, aja olimbitsa thupi m'madzi, pamodzi ndi mankhwala ena angachedwetse kufooka kwa ana ngati Hamisi. Chosowa chinali ndalama zoyezera magazi ndi zoyendera. Mabungwe akuluakulu ankati ayambe aona zotsatira, chonsecho zotsatira sizingabwere ntchito isanayambe. Ndinati zimenezo ndi zopusa. Iwo anavomera, n'kundiuza kuti ndalama zikapanda kupezeka mvula isanagwe, abwerera ku Blantyre kukagwira ntchito ina.

Kwathu kudoko, bwato likabwera kuchokera kokapha usipa, aliyense amene wathandiza kulikokera kumtunda amapatsidwa wodzaza manja. Wosakoka sapatsidwa. Ine ndinauza alamu kuti andikweze panjinga, n'kukakhala pamchenga ndi beseni langa. Che Bakali, mwini mabwato wolusa kuposa onse, anandiona.

"Iwe Yusufu, chingwe sunachigwire, beseni ndi lachiyani?"

"Che Bakali, manja okokera ndilibe. Ndikupempha usipa wothandizira adokotala, kuti Hamisi adzakukokereni."

Palibe anandipatsa ngakhale kausipa kamodzi, ndipo ndinabwerera ndi beseni lopanda kanthu, manyazi ali thoo. Nditafika kunyumba ndinaswali nditakhala pansi, ndili ndi ukali womwewo. Ndinati, Allah, ine ndachita zanga, zotsalazo ndi zanu.

Lachisanu titatha kuswali kumzikiti, Che Bakali omwewo anaimirira. "Mnyamata uja ndi wamwano," anatero, "koma sananame. Pabwato langa gawo la Hamisi tizimupatsiratu. Adzakoka akakula."

Mabwato ena anatsatira, ngakhale a anzathu a Anglican. Amayi ndi achemwali ankayanika usipawo pathandala, ine n'kumagulitsa, ndipo amene anayesa kunenerera mtengo akudziwa pakamwa panga. Zonse zinkapita kwa adokotala. Mvula yoyamba inawapeza akuyeza magazi a Hamisi ndi ana ena ochokera ku Chowe ndi ku Katuli.

Musamve molakwa, Hamisi sanachire, ndipo ine miyendo yanga sidzabwerera. Adokotala akuti kuti adziwe ngati njirayi ikuthandiza padzatenga nthawi. Koma ntchito imene mabwana ovala tayi anaikana yayambitsidwa ndi asodzi ndi munthu wa Fomu 2, ndipo zimenezo ndizinyadira mpaka kumanda. Dzana Hamisi atatuluka m'madzi kumafizo anakagwira kumapeto kwa chingwe bwato likukokedwa. Mphamvu zake zinali zosaoneka n'komwe, koma Che Bakali anakuwa kuti, "Koka iwe, usipa wako unalandira kale!"

Alhamdulillah, Iye anamva pemphero la munthu wokwiya. Zikomo asodzi a ku Lungwena, zikomo a Tamanda chifukwa chosandinamiza. Inu amene muli ndi mwana wogwaigwa, musamubise m'nyumba, ndipo musadikire kuti a kutali akumvereni chisoni. Tengani beseni lanu mupite kudoko, ngakhale tsiku loyamba mubwere nalo lopanda kanthu.