Bambo Oyandikana Nafe Akudikira Bandi Yawo

Moni omvera anzanga. Ndine namwino, ndimakhala ku Aston muno mu Birmingham. Nyumba yoyandikana ndi yathu mumakhala bambo achizungu okalamba, mkazi wawo anamwalira. Atachitidwa opaleshoni ya m'chiuno anakaniratu kuyenda, ankangokhala pampando tsiku lonse.

Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinawapeza akumwetulira, foni ili m'manja. Anamva mphekesera zoti bandi ya nyimbo za roko, zija za magitala aphokoso, yomwe ankaikonda ali mnyamata, imene inapasuka kalekale, ikufuna kugwirizananso n'kuyendera mizinda.

"Mwana wanga, kokaonera bandi kumeneko anthu sakhala pansi," anatero. "Kodi mwendo uwu ungaime maola awiri?"

"Ungaime, bambo, mukamauyendetsa," ndinawayankha.

M'mawa mwake ndinawapeza pakhomo atagwira ndodo, akundidikira. Tinayamba ndi kufika pakona, kenako kupaki. Panjira ankandiimbira nyimbo zawo zaphokoso, zomwe ine wakwaya sindizimva mutu wake.

Papita chaka, oimbawo sanalengezebe kanthu, mwinanso sadzalengeza. Koma bambo aja tsopano amakwera basi okha kukacheza ndi anzawo omwe akudikira nawo limodzi. Akuti bandiyo ikadzabwera, tiketi yachiwiri ndi yanga. Ndavomera, ndipo nyimbo ziwiri ndaziloweza kale.